Rotor ya centrifuge: chitsulo chimene chimalimbana ndi kulemera kwake komwe

Mukatunga madzi amatope mumtsinje n'kuwasiya mu ndowa usiku wonse, m'mawa mumapeza matope akhazikika pansi, madzi oyera ali pamwamba. Centrifuge imagwira ntchito yomweyo, kungoti iyo siidikira kuti kuche. Imazunguza timachubu ta magazi, mkodzo kapena makhololo mwaliwiro kotero kuti zolemera zimathawira kunja, kutali ndi pakati, ndipo zimene zikanatenga masiku zimatheka pa mphindi zochepa. Anthu akamakamba za makinawa amakonda kutchula mota ndi manambala owala kutsogolo kwake. Koma chosenza katundu yense ndi chitsulo chozungulira chija, chamabowo olowetsamo timachubu, chimene a m'labotale amachitchula kuti rotor. Nzeru zambiri zimene akatswiri aika pa centrifuge m'zaka 100 zapitazi zathera pa chitsulo chimenechi, ndipo vuto lake lalikulu silinasinthe: mdani wa rotor ndi thupi lake lomwe.

Tiyambe ndi nambala imene imasocheretsa ambiri, ya rpm, kutanthauza maulendo amene rotor imazungulira pa mphindi imodzi. Zimene zili m'kachubu sizimva rpm. Zimamva mphamvu yozikankhira kunja, yomwe imayezedwa poyerekeza ndi mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi, ndipo imalembedwa ndi chilembo g. Kuti muipeze, tengani mtunda wochokera pakati pa rotor kufika pansi pa kachubu m'masentimita, muchulukitse ndi rpm, muchulukitsenso ndi rpm kachiwiri, kenako ndi 0.00001118. Rotor ya masentimita 10 ikamazungulira pa 3,000 rpm imapereka pafupifupi 1,000 g, pamene ya masentimita 15 pa liwiro lomwelo imapereka 1,500 g. Izi si zamasamu chabe. Pokonza makhololo kuti amere tizilombo ta TB, malangizo amafuna 3,000 g kwa mphindi zosachepera 15. Munthu akawerenga mofulumira n'kutchera 3,000 rpm pa rotor yaing'ono, wapereka gawo limodzi lokha mwa magawo 3 a mphamvu yofunika. Tizilombo ta TB tili ndi mafuta ambiri pakhungu pake, sititsika msanga, ndiye timatayidwa limodzi ndi madzi apamwamba, wodwala n'kuuzidwa kuti alibe kanthu.

Popeza rpm imalowa kawiri m'masamu aja, kuwirikiza liwiro kawiri kumachulukitsa mphamvu kanayi. Taonani rotor ya kampani yopanga ma centrifuge ya Beckman yotchedwa Type 70 Ti, imene imanyamula machubu 8 ndipo imaloledwa kufika 70,000 rpm. Pansi pa kachubu pamakhala 504,000 g, ndipo malo amenewo amathamanga mamita oposa 670 pa sekondi, pafupifupi kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso mumpweya. Galamu imodzi yokha ikakhala pamenepo imakoka ngati makilogalamu 504, matumba 10 a chimanga a makilogalamu 50. N'chifukwa chake machubu oyang'anizana amayezedwa pa sikelo, osati ndi maso. Koma ganiziraninso kuti galamu iliyonse ya chitsulo cha rotor, kunja kwenikweni uko, nayo ikukoka chimodzimodzi. Pamakina othamanga chonchi katundu wambiri amene rotor imasenza si machubu ayi, ndi chitsulo chake chomwe.

Apa ndi pamene nzeru ya masiku onse imalephera. Denga likamawerama timaika mtanda wokulirapo. Rotor mukaikulitsa kuti ilimbe, mwaiwonjezera katundu woti iukoke. Chofunika ndi kulimba kwa chinthu poyerekeza ndi kulemera kwake. Chitsulo wamba chimalemera magalamu pafupifupi 7.8 pa mililita, titanium yosakaniza pafupifupi 4.4, aluminiyamu 2.8, ndipo carbon fibre yomatidwa ndi utomoni imalemera cha m'ma 1.6. Mbiri ya rotor mungathe kuiwerengera pa manambala anayi amenewa.

Theodor Svedberg wa ku Uppsala m'dziko la Sweden ndi amene anapanga ultracentrifuge (centrifuge yothamanga kwambiri) yoyamba mu 1924, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1926. Ndi makina ake anaonetsa kuti timagawo ta haemoglobin, chija chimafiiritsa magazi, ndi tofanana kukula, pa nthawi imene akatswiri ambiri ankaganiza kuti mapuloteni ndi zibulumwa zosiyanasiyana. Marotor ake anali achitsulo, ndipo m'mene ankakweza liwiro m'zaka za m'ma 1930, ambiri ankaphulika. Vuto lina linali kutentha. Rotor ikamakhulana ndi mpweya imatentha, ndipo mbali ina ya kachubu ikatentha kuposa inzake, madzi amayamba kutembenuka okha ngati mumphika woyamba kuwira, n'kusakaniza zonse zimene zinali zitalekana. Svedberg anachotsa mpweya wambiri m'chipinda cha rotor n'kuikamo hydrogen wochepa, yemwe sakhula kwambiri ndipo amachotsa kutentha msanga.

Yankho limene tikugwiritsabe ntchito linachokera ku University of Virginia, kwa Jesse Beams ndi wophunzira wake Edward Pickels, cha pakati pa zaka za m'ma 1930. Iwo anapopa mpweya wonse m'chipinda cha rotor, choiyendetsa n'kuchisiya kunja, ndipo rotor anailendeweretsa pa waya woonda wa mtundu wa mawaya a piyano. Munthu angadabwe kumva kuti chitsulo cholemera chothamanga chotero chimapachikidwa pa waya. Chinsinsi chake n'chakuti palibe rotor imene pakati pa kulemera kwake pamagwirizana ndendende ndi pakati pa bowo lake. Shafiti yolimba imaikakamiza kuzungulira pamene bowo lili, ndiye makina onse amanjenjemera. Shafiti yofewa imagonja, ndipo rotor ikadutsa liwiro linalake imadzipezera yokha pakati pake n'kukhala bata. Gustaf de Laval anali ataona kale zimenezi pa makina ake a nthunzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mukamva centrifuge ikugwedezeka pang'ono poyamba ndi pomaliza koma ili zii pakati, ndiye kuti ikudutsa liwiro limenelo, monga chiwongolero cha galimoto chimanjenjemerera pa liwiro lina n'kudekha mukapitirira. Pickels anathandiza kuyambitsa kampani ya Spinco mu 1946, yomwe inatulutsa ma ultracentrifuge otchedwa Model E mu 1947 ndi Model L mu 1949, ndipo kenako inagulidwa ndi Beckman. Marotor a nthawiyo anali aluminiyamu. Titanium inabwera pambuyo pake, ndipo zilembo Ti pa dzina la rotor zimanena za iyo.

Kulimba kwa chitsulo kukafika polekezera, wopanga rotor amatsala ndi chida china, kaimidwe ka kachubu. Kanthu kali m'madzi kamayenda ulendo kuchokera pamene kali kufika pamene kagunde khoma, ndipo ulendowo ukafupika ntchito imatha msanga popanda kuwonjezera liwiro.

Mu rotor ya timabaketi tolendewera, timabaketi timakwera makina akayamba kuthamanga mpaka kachubu katagona chopingasa, ngati ndowa ya madzi imene mwana akuizunguza ndi dzanja. Ulendo ndi utali wonse wa kachubu. N'zochedwa, koma zinthu zimasanjana bwino m'mizere yowongoka, ndipo n'chifukwa chake kosungira magazi amazunguzira matumba a magazi m'mabaketi otere pofuna kulekanitsa plasma, gawo lamadzi la magazi. Mu rotor ya mabowo opendekeka, kachubu kamakhala chopendekera pa madigiri apakati pa 20 ndi 45, kanthu kamangodutsa mopingasa n'kugunda khoma, kenako n'kutsetsereka mpaka pansi. Ulendo wafupika, ndipo popeza palibe timabaketi tokoka pa timapini, rotor yotere imapirira liwiro lalikulu. Akatswiri amaphatikiza liwiro ndi utali wa ulendowu kukhala nambala imodzi, k, ndipo ikachepa ndiye kuti rotor ndi yachangu. Type 70 Ti ili ndi k ya 44, pamene SW 41 Ti ya timabaketi, yofika 41,000 rpm, ili ndi 124. Mukagawa k ndi nambala ya Svedberg (S, yosonyeza changu chimene kanthu kamatsikira) ya kanthu kamene mukufuna, mumapeza maola. Ma ribosome a mabakiteriya, timagawo topanga mapuloteni, omwe ndi a 70S, amatsika pa mphindi pafupifupi 38 mu rotor yoyambayo, koma mu yachiwiriyo amafuna ola limodzi ndi mphindi 46.

M'zaka za m'ma 1970 kunabwera rotor imene kachubu kamaima chilili, ulendo n'kukhala kukula kwa kachubu m'mimba mwake basi. Inathandiza kwambiri oyeretsa DNA mumchere wolemera wa caesium chloride, njira imene Matthew Meselson ndi Franklin Stahl anaitchukitsa ku Caltech mu 1958. Ntchito ya masiku awiri kapena atatu inayamba kutha usiku umodzi. Chovuta chake chinali chakuti zinyalala zinkamatirira khoma lonse la kachubu, ndipo makina akaima zinkagweranso m'zimene mwayeretsa. Kupendeketsa kachubu pang'ono chabe, madigiri 7 mpaka 10, kunachititsa kuti zinyalalazo zitsetserekere pansi. Norman Anderson wa ku Oak Ridge National Laboratory anapita patali m'zaka za m'ma 1960. Anachotseratu machubu, rotor yonse n'kukhala chibekete chimodzi chogawidwa ndi timakoma, chothiridwa ndi kukhuthulidwa chikuzungulira. Marotor a mtunduwu anagwira ntchito yoyeretsa katemera wa chimfine cha influenza, kuchotsa mapuloteni a dzira amene ankadwalitsa ena obayidwa.

Tsopano za kukalamba, zomwe kwa ine ndi nkhani yaikulu kuposa liwiro. Nthawi iliyonse rotor ikathamanga imatanuka pang'ono, ikaima n'kubwerera. Pindani waya wokolowekera zovala uku ndi uku ndipo mudzaona kuti amaduka ngakhale simunamukoke mwamphamvu. Chitsulo cha rotor chimatopa chomwecho, ndipo chimawerenga maulendo, osati zaka zokha. Mng'alu umayambira pamene katundu waunjikana: pansi pa bowo la kachubu, pakati pa mabowo awiri oyandikana, pa timapini ta timabaketi, ndi pa bowo lapakati. Masiku ano akatswiri amayamba ajambula rotor pa kompyuta n'kuigawa m'tizidutswa tambirimbiri kuti aone pamene katundu akuunjikana, ndiye amazunguliza makona akuthwa n'kusema chitsulo chimene chikungolemera chabe. Mukaona rotor yatsopano yokhala ndi mphako kunja, pakati pa mabowo, dziwani kuti chimenecho ndi chitsulo chimene chinachotsedwa dala.

Kutopako sikuoneka ndi maso, n'chifukwa chake opanga amaika malire. Pa marotor ambiri aluminiyamu a ultracentrifuge, lamulo la Beckman linali lakuti ikakwanitsa maulendo 1,000 kapena maola 2,500, liwiro lake lololedwa litsitsidwe ndi magawo 10 pa 100 alionse mpaka kalekale. Kunsi kwa rotor kumamatidwa kachimbale ka mizere yakuda ndi yowala, ndipo kadiso ka makina kamawerenga mizereyo ikamadutsa. Ikadutsa mofulumira kuposa muyezo, makina amadzizimitsa okha. Rotor ikatsitsidwa liwiro, kachimbale kamasinthidwa n'kuikapo ka mizere yambiri. Malirewo amawerengeranso kuti zili m'machubu sizikupitirira magalamu 1.2 pa mililita pa marotor ambiri. Caesium chloride ikazizira kwambiri imatha kuuma n'kukhala timiyala tolemera pafupifupi magalamu 4 pa mililita, pansi penipeni pa kachubu, pamene mphamvu ili yaikulu.

Zimene zimachitika malire akaphwanyidwa zinaoneka ku Cornell University ku America pa 16 December 1998. Ultracentrifuge yakale ya mtundu wa L2-65B inali ikuzunguza mkaka mu rotor yaikulu ya aluminiyamu, ndipo patadutsa pafupifupi ola limodzi rotor inasweka. Zidutswa zinaboola chitetezo cha makina, zinawononga mafiriji, zinasiya mabowo m'makoma ndi kudenga, ndipo mawindo a chipindacho anasweka. Mwamwayi munalibe munthu. Ofufuza anaona kuti rotor imeneyo sinali yovomerezeka kuyenda m'makina a mtundu umenewo. Lero malamulo a chitetezo cha ma centrifuge otchedwa IEC 61010-2-020 amafuna kuti makina ayesedwe ngati angatsekere zidutswa mkati rotor itasweka, ndipo amanena kuti pakhale mpata wa masentimita 30 mozungulira makina, popeza ngakhale zidutswa zitatsekeredwa makinawo amatha kudumpha. Makina ambiri atsopano amazindikira okha rotor imene yaikidwa kudzera m'timaginito kapena zizindikiro za kunsi kwake, n'kukana liwiro loposa lake.

Chimene chimafupikitsa moyo wa rotor ya aluminiyamu kuposa zonse ndi dzimbiri, ndipo chimayamba ndi zinthu zazing'ono. Kachubu kadontha madzi amchere, munthu wapukuta pamwamba pokha, m'bowo mwatsala kadontho pansi pa kalabala kokhalira kachubu. Wina watsuka ndi jiki kapena sopo waukali, wina wakanda ndi bulashi ya waya, ndipo khungu lakuda loteteza lija, limene amaliika ndi magetsi ku fakitale, lapalika. Tengani rotor yotere, chotsani timalabala, muunike ndi tochi pansi pa bowo lililonse. Mudzaona kaufa koyera ngati phulusa, ndipo mukakapukuta pansi pake pali timaenje tonga tobaya ndi singano. Pakamwa pa kadzenje m'pang'ono, koma mkati kamatha kulowa patali, ndipo kali pamalo enieni amene katundu wamkulu uja akukoka. Dzimbiri ndi katundu zikagwirira limodzi, mng'alu umakula msanga kuposa mmene chilichonse mwa ziwirizi chikanachitira pachokha. Rotor yotsukidwa ndi sopo wofewa, youmitsidwa chozondoka, chivundikiro chili padera, imakhala nthawi yaitali kuposa inzake yongosiyidwa m'makina ozizira momwe mame amaunjikana.

Carbon fibre inabwera kudzayankha zimenezi. Timaulusi ta carbon timakulungidwa mozungulira rotor, motsata njira imene katundu amakokera, n'kumatidwa ndi utomoni wa epoxy. Sichita dzimbiri ndi madzi amchere, siitopa msanga ngati aluminiyamu, ndipo ndi yopepuka, moti imanyamuka msanga, imaima msanga, ndipo mota sivutika. Kupepukako kumathandizanso msana wa munthu, chifukwa rotor yachitsulo yonyamula malita 6 ndi katundu weniweni kwa woitulutsa m'makina akuya atawerama. Marotor a Fiberlite, omwe tsopano amagulitsidwa ndi Thermo Fisher, thupi lake ndi la carbon fibre, pamene pa JLA-8.1000 Beckman inasunga thupi la aluminiyamu losemedwa n'kuika mabotolo 6 a lita imodzi m'zikho zopepuka za carbon zochotseka. Komabe sindingauze munthu kuti carbon fibre yathetsa zonse. Ikagwa pansi timaulusi tamkati timatha kulekana kunja kukuoneka bwinobwino, pali mankhwala amene amadya utomoni wake, ndipo pa liwiro lapamwamba kwambiri, monga 100,000 rpm ya Type 100 Ti yopereka 802,000 g, titanium idakali patsogolo.

Pali ngozi ina imene siimveka phokoso. Kachubu ka makhololo kakasweka kapena kutayikira rotor ikuthamanga, madziwo amasanduka nkhungu yosaoneka, ndipo wotsegula chivundikiro ndiye woyamba kuipuma. Apa kusintha kwabwera pa zinthu zooneka zachabechabe: kamphira kozungulira pa chivundikiro cha baketi, ngalande yosemedwa m'milomo ya rotor yogwira madzi otayika asanafike pa kamphirako, ndi chivundikiro choonekera kuti muone ngati kachubu kasweka musanatsegule. Opanga ambiri amatumiza zivundikiro zawo ku labotale ya boma ya Porton Down ku England kuti zikayesedwe ndi tizilombo teniteni. Malangizo a WHO a m'malabotale a TB amati baketi ichotsedwe yotseka, ikatsegulidwire m'kabati yokoka mpweya. Koma chitetezo chonsecho chatsamira pa kamphira kotsika mtengo, kamene kamauma n'kung'aluka ngati sikapakidwa girisi, ndipo m'malabotale athu ambiri ndi kamene kamasowa poyamba.

Zosintha zimene ndimazilemekeza kwambiri ndi zoganizira munthu wotopa, amene wagwira usiku wonse ndipo kunja kuli mzere wa odwala. Pa marotor akale a timabaketi monga SW 28, kabaketi kamakoleka ndi ngowe kunsi kwa rotor, pamalo osaoneka bwino, ndipo ngowe ikakola mbali imodzi kabaketi kamatha kuthothoka pa liwiro. Pa SW 32 Ti timabaketi timalowera pamwamba n'kukhala m'malo mwake, maso akuona. Rotor yomanga ndi sipanala imadalira kuti munthu wakumbukira kuimanga, pamene yodzitsekera yokha pa shafiti, monga ya Auto-Lock, imangolira kamodzi ikakhala bwino. Makina owerenga okha maulendo a rotor alowa m'malo mwa kabuku kamene anthu ankaiwala kulembamo. Ndipo apa ndi pamene mtima wanga umada nkhawa ndi makina ogwirapo kale ntchito amene zipatala ndi masukulu athu amalandira ngati mphatso. Makina amafika, rotor ili momwemo, koma kabuku ka maulendo ake kanatsala kumene inachokera. Mota mutha kuimva ndi khutu ngati ili bwino. Rotor yoti simudziwa zaka zake ndi maulendo ake muyenera kuiona ngati yokalamba, muiyendetse pansi pa liwiro lolembedwa, ndipo ngati ili ndi timaenje tija, ichotsedwe ntchito ngakhale ikuwala.

Kutsidya lina la nkhani yonseyi kuli rotor ya pepala. Gulu la Manu Prakash ku Stanford University linafalitsa mu 2017 chipangizo chotchedwa paperfuge, chotengera choseweretsa chimene ambirife tinapangapo tili ana: chitsekerero cha botolo chophwanyidwa mpaka kuphwatalala, chobooledwa pawiri, cholowetsedwa ulusi, cholira vuu mukamakoka ndi kumasula manja. Iwo anaika chimbale cha pepala m'malo mwa chitsekerero, n'kumatapo timachubu toonda tagalasi tofanana ndi toyezera kuchuluka kwa magazi, tija timatsekedwa ndi dongo kumapeto. Chinafika 125,000 rpm ndi 30,000 g ndi mphamvu ya manja okha, chinalekanitsa plasma pa mphindi imodzi ndi theka, ndipo tizilombo ta malungo tinalekana ndi magazi pa mphindi 15. Zipangizo zake zinali za masenti 20 a ku America. Pepala limapirira liwiro limenelo chifukwa chimbalecho n'chaching'ono ndipo chipangizo chonse chimalemera magalamu 2 okha, ndiye chodzikoka nacho n'chochepa. Chimanyamula timadontho ta magazi a pachala basi. Thumba la magazi la mamililita 450 likufunabe baketi yachitsulo, timapini topakidwa girisi, ndi thumba linzake loyezedwa pa sikelo kumbali inayo.